Mafunso a pafoni a odwala maganizo: Lachisanu madzulo kumakhala kulibe munthu

Amene mukufunsa mmene ikuyendera ndondomeko yotsatira odwala matenda a maganizo kudzera pa foni, yolipira pamwezi, patha miyezi inayi agadiyani kuno ku Kasungu tikuigwiritsa ntchito, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chatipweteka mtima kwambiri.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. Pakatha masabata awiri alionse, Lachisanu, pamabwera meseji ya mafunso 9 m'Chichewa otchedwa PHQ-9, oyezera kukula kwa vuto la kukhumudwa. Wodwala amayankha 0, 1, 2 kapena 3 pa funso lililonse, ndipo zonse pamodzi sizipitirira 27. Zikafika 10 kapena kuposa, namwino amayenera kuimba. Foni ya mabatani imakwanira, bandulo safunika.

Vuto lili pa funso la nambala 9, lofunsa ngati munthu akuganiza zoti kuli bwino atangofa kapena zodzivulaza. Funso limeneli siliyembekezera kuwonkhetsa. Ngakhale zonse zitakwana 6, munthu akangoyankha 1 pamenepo ayenera kuimbiridwa tsiku lomwelo. Mayi wina wa ku Chamama, amene anali atangomwa fluoxetine, mankhwala a matenda a kukhumudwa, masabata awiri, anayankha 3 pa funsoli cha m'ma 5 koloko madzulo. Mankhwalawa amatenga masabata anayi kapena kuposa kuti ayambe kumveka m'thupi, choncho imeneyi ndiyo nthawi yofunika kumuyang'anitsitsa wodwala. Chimene chinabwera ndi uthenga wa makina: "Zikomo, mayankho anu alandiridwa." Loweruka kunali zii, Lamulungu zii. Foni inadzalira Lolemba cha m'ma 10 koloko. Mwayi wake, mlamu wake ndi amene anatenga foniyo kukatchajitsa pa sola ya kugolosale, nkuona mesejiyo. Anathamangira kunyumba, kuchotsa mankhwala opopera fodya onse, kukhala naye pafupi usiku umenewo, m'mawa kumukweza pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala.

Titapita kukadandaula kwa eni ndondomekoyi, mtsikana wa pa desiki sanachotse nkomwe maso pa foni yake. Akuti, "Amayi, kumapeto a sabata sitigwira, zinalembedwa pa fomu." Fomuyo ndi ya Chingerezi, zilembo zake tating'onoting'ono pansi penipeni. Nanga ngati Loweruka simugwira, mafunso mumatumiziranji Lachisanu madzulo? Atumizeni Lolemba m'mawa. Ndipo yankho la funso 9 likakhala loposa 0, makinawo auze wodwala pompo kuti auze wachibale ndi kupita kuchipatala lero, komanso atumize meseji kwa gadiyani. Pepani sitinamumve mpaka lero.

Zina ndi zazing'ono. Netiweki ikaduka muli pa funso 5, mumayambiranso pa 1, ndipo cha ku Chulu zimachitika kawirikawiri. Meseji imaonetsa mawu oti matenda a maganizo pamwamba penipeni, pamene foni ndi ya banja lonse. Nyengo yogulitsa fodya foni imapita ndi abambo ku Chinkhoma, mafunso nkudutsa osayankhidwa, ndipo palibe amene amafunsa chifukwa chake.

Koma tisabise, namwino amene amaimbayo ndi munthu wa mtima wabwino ndipo ntchito yake amaidziwa. Samangowerenga manambala. Amafunsa za tulo, za chilakolako cha chakudya, ngati mapiritsi akumwedwa ndiponso atsala angati. Kwa amene ali pa haloperidol, mankhwala ena a matenda a maganizo, amafunsa za kunjenjemera manja, kuuma khosi ndi kutuluka malovu, ndipo mnyamata wina anasinthiridwa mlingo msanga chifukwa cha mafunso amenewa, asanafike posiya mankhwala yekha. Chikumbutso cha jakisoni wa pamwezi chimabwera kutatsala masiku atatu, nthawi yokwanira kupeza ya thiransipoti. Manambala aja mukamawalemba m'buku la kuchipatala, adokotala amaona okha ngati zikutsika kapena kukwera, m'malo mongomva "tili bwinoko".

Ife sitinasiye, makamaka chifukwa cha namwinoyo. Koma polembetsa kakamirani kuti alembe nambala yachiwiri ya gadiyani, ndipo Lachisanu la mafunso wina wa m'banja akhale pafupi ndi wodwala pamene akuyankha funso lomalizalo.