Nissan Leaf kapena BYD Atto 3: iti ikuyenera misewu ya ku Zomba?

Pa kadyedwe ka magetsi, galimoto zamagetsi ziwirizi sizisiyana kwenikweni: iliyonse imadya pafupifupi 16 kWh (mayunitsi a magetsi) pa makilomita 100. Kusiyana kuli pa batire.

Leaf ya 2018 ili ndi batire ya 40 kWh, ndipo pa muyeso wa WLTP (mayeso ovomerezeka a mtunda umene galimoto ingayende batire ikadzaza) imayenda makilomita 270. Kupita ku Blantyre ndi kubwerako, makilomita pafupifupi 140, imakwanitsa bwinobwino. Ku Lilongwe siingafike osatchaja panjira. Atto 3 ya 60 kWh imayenda makilomita 420 pa muyeso womwewo, choncho Lilongwe ndi yotheka ngati simuthamanga kwambiri.

Vuto lalikulu la Leaf ndi kutentha. Batire yake ilibe madzi oiziziritsa, ndiye dzuwa la Okutobala, makamaka cha ku Liwonde, limaikalambitsa msanga. Musagule Leaf yakale ya 24 kWh musanawerenge timizere 12 tosonyeza thanzi la batire pa dashibodi. Tikatsala 8, batire yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ulendo wa ku Blantyre uli kale pa chiswe. Chabwino koposa ndi kulumikiza pulogalamu ya pa foni ya LeafSpy pa OBD2 (polumikizira makina oyezera galimoto) n'kuona nambala ya SOH, yosonyeza thanzi la batire m'maperesenti.

Kukwera ku Chawe kumadya magetsi ambiri, koma potsika ndi Leaf ikani giya pa B, mota ibwezere ena mu batire.

Pa soketi wamba, ndi chaja ya 10 A, mumapeza 2.3 kW yokha. Leaf imafuna maola oposa 17 kuti idzaze, Atto 3 kupitirira tsiku, ndiye magetsi akamathimathima muziitchaja usiku uliwonse osadikira kuti ithe. Ya maulendo ataliatali, Atto 3 ndiyo ndingasankhe.