Ndemanga: kuyeza shedi yopakirira mathiraki ndi kuika zida zoteteza anthu kugwa

Ndimayang'anira depoti ya soya, nyemba ndi chimanga m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Dedza, ndipo nyengo yokolola ikafika timapakira mathiraki opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre pafupifupi tsiku lililonse. Ntchito yoopsa pamalo pathu ndi yokwera pamwamba pa matumba opakira kale kukayala tenti ndi kukunga zingwe, makamaka m'mawa wa mu June ndi July pamene chifunga chanyowetsa tentiyo. Chaka chatha mnyamata wathu wina anaterereka n'kupulumukira pa chingwe cha tenti, ndipo zitatero tinaitana kampani ina ya ku Lilongwe kuti idzayeze malowo ndi kutiikira zida zoyenera.

Ndiyenera kuvomereza kuti tinali titagula kale malamba ovala thupi lonse, aja amati harness, pamodzi ndi zingwe zake za mamita 2, ndipo ine ndinkaona ngati udindo umene lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limapereka kwa olemba ntchito tinali titaukwaniritsa. Injiniya wa kampani ija atafika sanayambe ndi kutionetsa katundu wogulitsa. Anatulutsa tepi, napempha kuti thiraki yodzaza iime pomwe imaima masiku onse, kenaka anafunsa kapitawo wathu kuti, "Bambo, anyamatawa akakwera amakola ngowe pati?" Kapitawo analoza chitsulo cha m'mbali mwa thiraki, chimene chili m'munsi mwa mapazi a munthu woima pamatumba.

Masamu amene anatichitira pa katoni ndiwo andichititsa kulemba ndemangayi. Chingwe ndi mamita 2, ndipo kathumba kake kochepetsa mphamvu ya kugwa kakasosoka kangathe kuwonjezera mpaka mamita 1.75, pamenepo pamawonjezedwa msinkhu wa munthu wolendewerayo ndi mita imodzi ya mpata wotsala, zonse pamodzi n'kupitirira mamita 6 kuchokera pokola ngowe kufika pansi. Pamwamba pa matumba athu panali mamita 4 okha, ndipo ngakhale chitsulo cha denga la shedi chinaperewera pa muyeso umenewu. Tanthauzo lake linali lakuti munthu akanamenya simenti chingwe chisanamugwire. Kwa miyezi ingapo anyamata ankakwera molimba mtima atavala zinthu zimene sizikanawathandiza, ndipo wogula zinthuzo ndinali ine.

Iwo analangiza njanji yachitsulo yodutsa pamwamba pa thiraki kuchokera kumutu mpaka kumapeto kwa ngolo, ndi kachipangizo koyenda m'njanjiyo kamene kamatulutsa ndi kubweza chingwe chokha, koma kamagwira msanga munthu akatsetsereka, monga amachitira lamba wa m'galimoto. Anayeza kutalika kwa ngolo yaitali kwambiri imene imabwera kuno, chifukwa njanji ikafupika munthu wogwira ntchito kumapeto amakoka chingwe chopendekeka, ndipo akagwa amauluzika ngati wa pakatungwe n'kukadzimenyetsa ku thiraki. Anati chingwe chisapatuke kuposa madigiri 30, ndipo pachifukwa chimenechi anajambula mizere yachikasu pansi kuti dalaivala aliyense aziimika galimoto pansi penipeni pa njanji. Madalaivala ena amanyinyirika akauzidwa kubwerera m'mbuyo kachiwiri, koma pamenepa sitinyengerera.

Denga lathu linalephera mayeso oti n'kumangirirapo njanjiyo. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 795 umafuna kuti pokola pachitsulo pazipirira mphamvu ya 12 kN, imene ikufanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 1,200, pamene zitsulo za shedi yathu zinaikidwa kuti zinyamule malata basi. Tinayenera kuimika nsanamira zatsopano, ndipo ndalama zinakwera kuposa mmene eni depoti ankayembekezera. Sindikuwadandaula pa zimenezi, popeza anatiuza ntchito isanayambe.

Madandaulo anga ali pena. Tsiku loyamba anayeza mathiraki akuluakulu okha, osafunsa za malole ang'onoang'ono amene amabweretsa nyemba kuchokera ku Lizulu ndi ku Tsangano, chonsecho pa malole amenewa mpata wochokera pamatumba kufika pansi ndi wochepa kwambiri, ndiye kuti masamu ake ndi ena. Anachita kukumbutsidwa ndi kapitawo, ndipo anabweranso patapita sabata ziwiri, nthawi imene katundu anali atachuluka. Lipoti lawo nalonso linabwera m'Chingerezi chokhachokha, pamene okwera pamatumbawo ambiri ndi aganyu, kotero kuti ndinakhala madzulo awiri ndikulimasulira ndekha.

Poyeza anthu anachita bwino. Aliyense anamuveka malamba ali ndi jekete lake la m'nyengo yozizira, kenaka atavula, kuti aone mmene angamangire m'nyengo zonse ziwiri. Anaonetsa kuti mphete yakumbuyo yokolapo chingwe izikhala pakati pa mapewa, ndi kuti pa lamba wa m'ntchafu pazilowa chikhatho chotambasula koma osati chibakera. Anatiumirizanso kusunga makwerero pafupi ndi kuyeserera kutsitsa munthu wolendewera, chifukwa malamba akamupana nthawi yaitali magazi amaunjikana m'miyendo ndipo angathe kukomoka.

Papita miyezi isanu ndi itatu tikugwiritsa ntchito zidazi, ndipo kachipangizo kaja kagwira munthu kamodzi, tenti itakokedwa ndi mphepo. Anatsika ali bwinobwino, koma kachipangizoko tinakachotsa n'kukatumiza kuti akakaunike, monga anatilangizira. Vuto limene ndikuliona ndi fumbi la soya, limene limalowa m'njanji n'kuchititsa kuti kaziyenda mokakamira, moti timapukuta Loweruka lililonse. Ndingawaitanenso, ndipo akadzabwera kudzaunika zida zonse pakatha miyezi 12, ndawauza kale kuti adzabwere ndi malangizo olembedwa m'Chichewa oti tidzamate pa nsanamira.