Mafilimu awiri a anthu osanduka mimbulu: uonere iti usiku uno?

The Company of Wolves (1984) anaipanga Neil Jordan, potengera nkhani za Angela Carter. Mtsikana Rosaleen akulota, ndipo m'malotomo agogo ake (amene amasewera mbali imeneyi ndi Angela Lansbury) akumusimbira nthano zomuchenjeza kuti asapatuke m'njira komanso asakhulupirire mwamuna amene nsidze zake zinalumikizana.

An American Werewolf in London (1981) ndi ya John Landis. Anyamata awiri a ku America akumana ndi chilombo usiku ku Yorkshire, dera la ku England. Wina wafa, wina walumidwa n'kutengera temberero ku London.

Kutalika: onse amapitirira pang'ono ola limodzi ndi theka.

Kutsatirika: ya Landis imayenda molunjika. Ya Jordan ndi nthano mkati mwa nthano, ukayang'ana kumbali wasokonezeka.

Kusanduka: apa Landis wapambana. M'chipinda chowala bwino, dzanja la mnyamata wolumidwa uja limatalika uku ukuona, mafupa akuchita gwejegweje, ndipo Rick Baker, amene anakonza maonekedwe a kusandukaku, analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, pa ntchitoyi. Komabe ine chimandizizira m'thupi ndi cha Jordan, pamene mphuno ya mmbulu imatulukira m'kamwa mwa munthu.

Malo: nkhalango ya Jordan anaimanga mu situdiyo ya Shepperton, n'chifukwa chake imaoneka ngati maloto. Ya Landis imathera pa Piccadilly Circus, mphambano yotchuka ya mu London, magalimoto akugundana.

Wofuna kudzidzimuka ndi kuseka pamodzi ndi anzake asankhe ya Landis. Amene anakula ndi nthano za agogo, zija za anthu osanduka afisi, ya Jordan imukhudza kwambiri. Onsewa si a ana.