Makungwa ake ndi utuchi, chabwino ndi kalumo ndi m'phika

Nyenyezi ziwiri pa zisanu. Paketi iyi yosinthira mbewu ya maluwa yotchedwa orchid m'phika, ija yokhala ndi m'phika woonekera mkati, thumba la makungwa, kalumo ndi kabotolo ka feteleza, mtengo wake si wotsika. Ndiye n'zopweteka kuti chinthu chofunika kwambiri m'paketimo, makungwa, ndicho chimene achita nacho chibwana.

Pathumba alemba kuti ndi makungwa a paini a Phalaenopsis, mtundu wina wa orchid. Makungwa oyenera amakhala zidutswa zolimba za sentimita 1 mpaka 2, zoti mukazithira m'phika zimasiya mipata yodutsa mpweya. Awa zidutswa zabwino zili pamwamba pokha. Mukakhuthulira thumba lonse pa sefa, pafupifupi theka limagwa pansi ngati utuchi. Phalaenopsis si mbewu ya m'dothi. Kwawo ku nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia imamera pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtetete, mvula ikainyowetsa mphepo n'kuiumitsa. Khungu lotuwa la pamizuyo limayamwa madzi ngati siponji, ndipo likakhala lonyowa masiku ambiri popanda mpweya limawola.

N'zimene zinachitikira mbewu imene inabzalidwa m'makungwa amenewa osasefa, monga kapepala ka malangizo ka m'paketimo kakulangizira. Patangotha masabata atatu utuchi uja unali utatsikira pansi pa m'phika n'kutseka mabowo, pamwamba pouma koma pansi pali matope. Mizu yapansi inali itada bii, ukaifinya khungu likuvuka kutsala kaulusi kokha m'kati. Masamba anayamba kufewa ndi kuchita makwinya. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, amayesa ludzu n'kuwonjezera madzi, pamene mbewuyo ikufota chifukwa mizu yomwera madziwo yafa.

Chokwiyitsa kwambiri ndi yankho la ogulitsa. Anatumiziridwa zithunzi za mizu yowolayo komanso za fumbi la pa sefa. Patapita masiku anayi anayankha kuti mwina madzi akuchepa, muzithirira tsiku ndi tsiku, ndipo mizu yotulukira kunja kwa m'phika muidule kuti mbewu ioneke bwino. Za makungwa sananenepo kanthu. Munthu wogulitsa zipangizo za orchid n'kumalangiza zimenezi! Mizu yakunjayo ndi yamoyo, ndipo yam'phika ikawola ndiyo imatsala yopulumutsa mbewu. Kuthirira tsiku lililonse ndiko kumalizitsa. Chotsogolera ndi mtundu wa mizu: ikakhala yobiriwira musathirire, ikatuwa ngati siliva thirirani mpaka madzi atuluke pansi, musiye akhe onse. Nthawi zambiri zimakhala kamodzi pa sabata. Madzi akalowa pakati pamene masamba amatulukira, apukuteni ndi kapepala, chifukwa akagona pamenepo mtima wa mbewu umawola ndipo kawirikawiri sichira.

Amene mwagula kale, musataye zonse. Sefani makungwawo, fumbi mutaye, zotsalazo muziviike m'madzi usiku wonse chifukwa makungwa atsopano samwa madzi msanga. Zulani mbewu, mudule mizu yonse yofewa ndi yamphako mpaka pamene pali polimba, muisiye iume maola angapo, kenako mubzale osatsendereza. Dikirani masiku atatu kapena anayi musanathirire kuti mabala atseke. Mungodziwa kuti mukasefa, makungwawo sakwana m'phika, mudzafunika kugula ena.

Pa ntchito yodulayi ndi pamene kalumo kaja kamandibweza mtima. N'kakuthwa, nsonga zake n'zopyapyala moti zimalowa pakati pa mizu osakhudza yoyandikana nayo, ndipo kamadula kamodzi osaphwanya phesi la maluwa. Mukakapukuta ndi spiriti sikachita dzimbiri. Muzikapukuta musanachoke pa mbewu ina kupita pa ina, chifukwa matenda amayenda pa lumo, koma dziwani kuti kupukuta ndi spiriti kokha sikupha mavairasi a orchid, omwe alibe mankhwala.

Kapepala kawo kamangoti maluwa akayoyoka dulani phesi pansi. Si nthawi zonse. Phesi likauma n'kukhala lofiirira, inde, lidulidwe pafupi ndi tsinde. Likadali lobiriwira ndipo mbewu ili ndi mizu yabwino, pezani mfundo imene ili m'munsi mwa pamene panali duwa loyambirira, mudule sentimita 1 kapena 2 pamwamba pake. Pamfundo imeneyo pangathe kuphuka nthambi ya maluwa ena pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale amakhala ochepa ndi aang'ono. Mbewu yofooka, monga imene yangotaya mizu, musaikakamize kuchita maluwa, dulani pansi ibwezere mphamvu ku mizu ndi masamba. Ngati orchid yanu ndi ya mtundu wa Dendrobium, muchotse kaphesi ka maluwa kokha, matsinde akale aja ngakhale alibe masamba asiyeni, ndimo imasunga madzi ndi chakudya.

M'phika nawonso ndi wabwino, uli ndi mabowo pansi ndi timing'alu m'mbali, ndipo mizu imaoneka osafunika kufukula. Feteleza ndi wamba. Mlingo wolembedwa pabotolo ndi wochuluka kwa mbewu imene yangosinthidwa, gwiritsani ntchito gawo limodzi mwa magawo anayi, pa mizu yonyowa kale, ndipo kamodzi pa mwezi mutsukuluze ndi madzi okha kuti mchere usaunjikane n'kuwotcha nsonga za mizu.

Akanagulitsa kalumo ndi m'phika paokha ndikanapereka nyenyezi zinayi. Ogulitsa, sefani makungwa anu musanatseke thumba, ndipo amene amayankha makasitomala asiye kuuza anthu kuti adule mizu yamoyo.