Kiti ya jeti yosungunulira sinowo: imalira bwino koma fosholo musataye

Amene mukuganiza zogula kiti ija yosandutsa turbo ya galimoto (kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi kopanikizira mpweya mu injini) kukhala kainjini ka jeti kosungunulira sinowo pakhomo, imani kaye ndikuuzeni mmene ndaionera ine. M'bokosimo mumabwera paipi yaikulu yoyakiramo moto yokhala ndi ina yamabowobowo mkati, pulagi yoyatsira, nozo ya gasi ndi timapaipi take. Turbo mukasaka nokha, bola ya thiraki ya dizilo. Pampu ya oyilo mulibenso, ndipo apa pokha ogulitsawo sanaganize bwino chifukwa shafiti ya turbo imatha kuzungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi imodzi ndipo imadalira oyilo wopopedwa mwamphamvu, akangoduka pang'ono chabe ma beyaring'i apsa basi mwayambiranso kusaka turbo ina.

Pa chitsulo sindingawanyoze. Ndi chosachita dzimbiri, anawotcherera mwaukhondo, mabowo anaboola molongosoka moti moto sumathawira kunja. Kuliza kwake mumapemerera mphepo ndi bulowa ya masamba, kutsegula gasi wa propane pang'onopang'ono, kuyatsa pulagi, kenako phuu! Ikagwira yokha nkuchotsa bulowayo imayamba kulira likhweru lija la ndege, ndipo kunena zoona thupi limachita tsembwe, kukoma kwake kuli pamenepo. Koma gulani geji yoyezera kutentha kwa utsi, popanda imeneyo mukuyenda mumdima, mapeni a turbine, kagudumu ka mu turbo kozunguzidwa ndi utsi, amatha kufiira nkuwonongeka inu muli mwetumwetu. Zotseka m'makutu ndiye osakambanso, aneba anu akudani tsiku lomwelo.

Nanga sinowoyo imasungunuka? Eee, koma osati mmene amaonetsera m'mavidiyo. Kusungunula kilo imodzi ya ayisi kumafuna mphamvu ya 334 kJ, yofanana ndi yotenthetsera madzi omwewo kuchoka pa madigiri 0 kufika pafupifupi 80. Tiyerekeze bwalo la masikweya mita 50 pagwa sinowo yatsopano masentimita 20, imeneyo ndi pafupifupi tani imodzi, ndiye ngakhale kutentha konse kutalowa mu sinowo mufunika makilo 7 a propane. Koma sikulowa konse ayi, jeti imaponya mpweya wotentha mwaliwiro ndiye wambiri umangodutsa pamwamba nkumapita. Chomwe imachita kwenikweni ndi kuuluza. Sinowo youma yongogwa kumene imachoka ngati fumbi, pamenepo ndiye mpaka kuseka, koma yonyowa kapena yopondedwa ndi matayala imangoboola kamsewu kakang'ono inu nkumaima pompo gasi akutha.

Ena amati nanga si ku Soviet Union ankamangirira injini za Klimov VK-1 za ndege ya MiG-15 pa mathiraki nkumayeretsera mabwalo a ndege? Zoona, koma imeneyo ndi injini ya ndege yankhondo aise, mafuta ankalipira ndi boma, osati ka turbo kathu aka.

Chimene chinanditopetsa kwambiri ndi madzi. Zomwe mwasungunulazo zimayenderera pang'ono nkuundananso kunja kukazizira, mmawa pakhomo pali ngati galasi, poterera kuposa sinowo munachotsa ija, ndiye muthirenso mchere kapena mchenga. Silinda ya gasi nayo imachita chisanu ikamakokedwa mwamphamvu, presha imatsika, injini nkuyamba kutsokomola ntchito ili pakati. Kuiwotha ndi moto ayi chonde, bola kukhala ndi silinda yaikulu kapena ziwiri zosinthanitsa.

Nyenyezi ndikupereka 3 pa 5, ndipo zonsezo ndi za chitsulo chabwino ndi kulira kwake. Ngati mumakonda kuwotcherera ndi kuseweretsa ma injini gulani musangalala. Ingoonetsetsani kuti galimoto, mawindo ndi ana zili kutali ndi kumene paipi yaloza, chifukwa timiyala ndi zidutswa za ayisi zimauluka moopsa ndipo phula la pansi limafewa mukaima malo amodzi nthawi yaitali.