Ndemanga: kuyezetsa oyilo wa injini za mathiraki a dizilo ku labotale

Ndili ndi kampani yaing'ono ya mtengatenga ku Blantyre, ndipo mathiraki athu amayenda kwambiri msewu wa ku Beira kudzera pa Mwanza ndi Tete, koma nyengo ya feteleza ndi yokolola ena amalowa m'misewu yafumbi ya kumidzi. Kwa zaka zingapo tsopano takhala tikutumiza oyilo wa m'injini ku labotale ina ya ku South Africa kuti akamuyeze. Maganizo anga ndi akuti ndalama yake sipita pachabe, koma phindu lake silili pamene ogulitsa ntchitoyi amakonda kuloza. Iwo amatsindika zakuti mudzachepetsa kagulidwe ka oyilo, pomwe ine ndapeza kuti chimene munthu amagula kwenikweni ndi kudziwa msanga kuti fumbi, madzi a mu radiyeta kapena dizilo zayamba kulowa mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, injiniyo isanaonongeke.

Kachitidwe kake si kovuta. Mumagula mabotolo aang'ono a mamililita pafupifupi 100, ndipo mtengo wa botolo umaphatikiza kale kuyeza ndi lipoti. Oyilo amatengedwa injini ikadali yotentha, mwina pogwiritsa ntchito kapampu kapamanja kokoka oyilo kudzera pabowo la dipisitiki, kapena potchera botolo pamene oyilo akukhetsedwa pa savisi, koma osati woyamba kutuluka kapena wotsiriza, chifukwa woyambayo amatenga zinyalala zokhazikika pansi pa sampu. Pa fomu mumalemba makilomita a thiraki, makilomita amene oyiloyo wayenda, mtundu wake, ndiponso malita amene mwawonjezera pakati pa savisi ndi savisi. Lipoti limabwera pa imelo.

Lipotilo limaonetsa zinthu zamagulu atatu, ngakhale kuti pa pepala zimaoneka ngati manambala ambirimbiri. Gulu loyamba ndi tizidutswa ta zitsulo tochokera ku kuperepeseka kwa injini, toyezedwa mu ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni: chitsulo chimachokera kwambiri m'masilinda ndi kirankishafuti, chromium ku maring'i, aluminiyamu ku mapisitoni, pomwe mkuwa, mtovu ndi tini zimaloza ku mabering'i. Gulu lachiwiri ndi zinthu zolowerera kuchokera kunja, monga silicon wa m'fumbi, sodium ndi potassium wa m'mankhwala a mu radiyeta, madzi, dizilo ndi mwaye. Lachitatu ndi thanzi la oyilo mwini wake: kulimba kwake, kumene amakuyeza pa madigiri 40 ndi 100, ndi nambala yotchedwa TBN, imene imasonyeza mphamvu yotsala yolimbana ndi asidi wopangidwa dizilo akamayaka.

Lipoti limodzi palokha silinena zambiri, ndipo apa ndi pamene anzanga ena amene anayesa kamodzi n'kusiya anagwirapo mwala. Zili ngati khadi la mwana la kusikelo: kulemera kwa mwezi umodzi sikuuza namwino kanthu kwenikweni, koma mzere wa miyezi yotsatizana ndi umene umaonetsa ngati mwana akukula kapena akunyentchera. Injini iliyonse ili ndi mlingo wake wa chitsulo umene imatulutsa ikakhala bwinobwino, ndipo mlingowo mumaudziwa pokhapokha mutatumiza masampulo angapo motsatizana, pa makilomita ofanana.

Phindu loonekeratu tinaliona pa thiraki ina imene inali itangomaliza nyengo yotuta feteleza. Lipoti linabwera ndi chizindikiro chofiira: silicon anali atakwera kwambiri poyerekeza ndi malipoti am'mbuyo, aluminiyamu atakwera naye limodzi, ndipo chitsulo ndi chromium zinali zitayamba kutsatira. Woyezayo analemba kuti tifufuze njira yonse ya mpweya kuyambira pa fyuluta mpaka pa tabo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini. Thirakiyo inkalira bwino, sinkatulutsa utsi wachilendo, ndipo dalaivala analibe dandaulo lililonse. Fyuluta ya mpweya inali yatsopano. Makaniko wathu atamasula payipi ya labala imene imalumikiza bokosi la fyuluta ndi tabo, anapeza mng'alu kunsi kwake, pafupi ndi kilampu, malo amene munthu sangaone atangosuzumira kuchokera pamwamba. Anapisa chala m'kati mwa payipiyo ndipo chinatuluka chili ndi fumbi lofiira, losalala ngati ufa. Payipi yatsopano ndi oyilo watsopano zinathetsa nkhaniyo, ndipo malipoti otsatira anaonetsa manambala akutsika pang'onopang'ono. Fumbi lotere limapala maring'i ndi masilinda mwakachetechete, moti mwini thiraki amadzazindikira injini itayamba kale kudya oyilo ndi kupumira m'sampu, pamene chotsala ndi ovaholo basi. Kuyambira pamenepo ndinaletsanso chizolowezi chofala m'magalaja athu chopopera fyuluta ya mpweya ndi kompuresa kuti igwirenso ntchito, chifukwa mphepo yamphamvu imaboola pepala lake timabowo tosaoneka ndi maso.

Madzi a mu radiyeta nawo amagwidwa msanga. Ambirife timadikira kuti oyilo asanduke ngati mkaka ndiye tidziwe kuti gasiketi yapita, komatu madzi akamalowa pang'onopang'ono amauma ndi kutentha kwa injini, n'kusiya mankhwala okha, amene amadya mabering'i. Sodium ndi potassium amaonekera pa lipoti oyilo akadali wooneka bwino pa dipisitiki. Kwa ife, pa thiraki ina imene lipoti lake linaonetsa zimenezi, zinapezeka kuti vuto linali pa chozizitsira oyilo, ndipo tinakonza popanda kutsegula injini yonse. Chenjezo langa n'lakuti amene amathira madzi apampopi okha mu radiyeta, opanda mankhwala, asayembekezere kuti chizindikiro chimenechi chioneka bwino.

Nkhani ya dizilo wolowa mu oyilo inandiphunzitsa kukayikira mawu akuti "galimoto iyi siidya oyilo olo pang'ono", amene madalaivala amanena monyadira. Injini ya thiraki yonyamula katundu wolemera imayenera kutsitsako oyilo pang'ono pa ulendo wautali, ndiye ngati mlingo pa dipisitiki sukutsika, kapena ukukwera kumene, pali chimene chikuwonjezereka. Oyilo wa 15W-40 amayenera kukhala pakati pa 12.5 ndi 16.3 cSt (muyezo wa kulimba kwa oyilo) pa madigiri 100, ndipo lipoti la thiraki yathu ina linaonetsa kuti watsika pansi pa malirewo, chifukwa injekita imodzi inkadontha. Oyilo wosungunuka chotere sateteza mabering'i pamene thiraki ikukwera mtunda ndi katundu wodzaza, monga pokwera kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre kunja kukutentha.

Tsopano za kutalikitsa nthawi ya savisi, zimene ndi nyambo yaikulu ya ogulitsa. Injini yaikulu imamwa malita pakati pa 30 ndi 45, ndiye n'zoona kuti kuchepetsa savisi imodzi pa chaka pa thiraki iliyonse ndi ndalama yooneka, makamaka masiku ano pamene mtengo wa oyilo umatsatira dola. Komabe m'mayendedwe athu ndaona kuti mpata wake ndi wochepa. Makilomita amanama. Thiraki imene yakhala masiku pamzere pachipata cha Mwanza kapena padoko la Beira, injini ikulira kuti dalaivala apeze mphepo yozizira ndi kutchaja mabatire, imakhala itawonjezera maola ambiri popanda kuwonjezera kilomita ndi imodzi yomwe, ndipo injini yolira galimoto itaima imatulutsa mwaye wochuluka ndi kulowetsa dizilo mu oyilo. Palinso nyengo za kusowa kwa mafuta, pamene dalaivala amakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu amene sadziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Pa mathiraki oyenda patala pokha tinatalikitsako pang'ono, malipoti atatsimikiza kangapo kuti TBN, mwaye ndi kulimba kwa oyilo zikadali m'malire. Pa oyenda m'fumbi, malipoti omwewo anatiuza kuti tifupikitse. Ndipo amene thiraki yake ikadali pa waranti asasinthe nthawi ya savisi popanda kugwirizana ndi amene anamugulitsa.

Phindu lina limene sindinaliyembekezere ndi loyezetsa oyilo watsopano, wochokera mu diramu imene yangotsegulidwa kumene. Lipoti limaonetsa kuchuluka kwa calcium, zinc ndi phosphorus, zimene ndi mbali ya mankhwala amene opanga amaika mu oyilo, choncho mumatha kuona ngati chimene chili m'kati chikugwirizana ndi chimene chalembedwa kunja. Pamsika wathu pamene madiramu akale amadzazidwanso n'kumatidwa bwinobwino, botolo limodzi loyezetsa ndi chitetezo chotsika mtengo. Lipoti la oyilo watsopanolo limathandizanso powerenga malipoti ena, chifukwa oyilo wabwino amakhala kale ndi silicon pang'ono woletsa thovu.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi kuchedwa. Kuyeza kwenikweniko kumatenga masiku ochepa botolo likafika, koma kuchoka kuno kukafika ku labotale ndiye nkhani, makamaka ngati mukudikira kuti mabotolo achuluke kuti mtengo wotumizira ugawanike. Lipoti lina lofiira linatipeza thiraki yake ili kale kutsidya kwa Zambezi ndi katundu, moti tinachita kuimbira dalaivala kuti aime apeze makaniko kumeneko. Kulipira ndi ndalama zakunja nakonso n'kosautsa pamene mabanki alibe. Chachiwiri, malipoti amalembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo ndemanga zina za oyeza zimakhala zachizolowezi, zongoti pitirizani kuyang'anira, zimene sizithandiza makaniko kudziwa pogwira. Ndinaona kuti ndemanga zimakhala zothandiza ngati fomu yalembedwa mokwanira, ndipo ndikaimba foni kufunsa, amafotokoza moleza mtima.

Palinso zimene kuyezaku sikuona. Makina oyezera zitsulo amagwira tizidutswa tating'ono kwambiri, ta mamaikironi ochepa, ndiye bering'i imene yayamba kusweka zibenthu zikuluzikulu ikhoza kudutsa osaonekera bwino, pokhapokha ngati labotale ikuyezanso chimene amati PQ, muyezo wa chitsulo chonse chimene chili mu oyilo, chaching'ono ndi chachikulu chomwe. N'chifukwa chake ife timadulabe fyuluta ya oyilo yakale n'kutambasula pepala lake padzuwa kuti tione ngati muli tonyezimira. Valavu yothyoka mwadzidzidzi kapena payipi ya madzi yophulika panjira, palibe lipoti lingalosere. Nthawi zina lipoti limaopsezanso pachabe: injini imene yangotsegulidwa n'kumatidwa ndi guluu wa silikoni imaonetsa silicon wokwera popanda fumbi, ndipo chozizitsira oyilo chatsopano chikhoza kukweza mkuwa mabering'i ali abwinobwino. Mukapanda kulemba pa fomu zimene zakonzedwa, mudzatsegulitsa injini yopanda vuto.

Mbali yovuta kuisamala ili m'galaja mwanu momwe. Botolo lotsegulidwa n'kusiyidwa pansi pafumbi, kapayipi kamodzi kogwiritsidwa ntchito pa mathiraki awiri, kapena mapepala osinthanitsidwa, zonsezi zimabweretsa lipoti labodza limene mwalilipira. Ife tinapereka ntchitoyi kwa makaniko mmodzi yekha, ndipo amalemba nambala ya thiraki pa botolo asanatenge oyilo.

Kwa amene ali ndi mathiraki oyenda maulendo ataliatali, kapena amene wagula thiraki yakale yochokera kunja yopanda mbiri ya savisi, ndikulimbikitsa kuti ayezetse pa savisi iliyonse, chifukwa mtengo wa botolo ndi wochepa zedi poyerekeza ndi ovaholo, kukoketsa thiraki kuchokera ku Mozambique, ndi masabata amene galimoto imakhala osapanga ndalama. Amene ali ndi lole imodzi yaing'ono yoyenda m'tauni, imene imamwa oyilo wochepa ndipo amasintha oyiloyo pa nthawi yake, akhoza kuyezetsa kamodzi kapena kawiri pa chaka, makamaka ikatha nyengo ya fumbi, ndipo ndalama yotsalayo agulire mafyuluta enieni a mpweya ndi makilampu atsopano.