Monica kapena Rachel: mungakhale nyumba imodzi ndi uti?

Mu sewero la pa TV la Friends, lomwe linaonetsedwa kuyambira 1994 mpaka 2004, atsikana awiriwa ankakhala limodzi ku New York. Monica ndi katswiri wophika, ndiye njala simungaione. Koma ukhondo wake ndi wonyanyira: kungosuntha kampando pang'ono, mwayambana. Pa masewera safunanso kugonja, ngakhale kwa mchimwene wake Ross.

Rachel anafika atathawa pa ukwati wake, mwana wokulira m'chuma cha bambo ake, wosadziwa n'kuchapa komwe. Anayamba n'kuperekera khofi ku Central Perk, ntchito imene inkamuvuta ndithu, koma anadzalembedwa ntchito ku kampani ya zovala ya Ralph Lauren. Ine ndingasankhe Rachel. Mbale azisiya zosatsuka, inde, koma sangandidzutse m'mawa kuti tikolope m'nyumba.